N'chifukwa chiyani ng'ombe imasanduka ngâ€™ombe pa kompyuta?

Anzanga amene mumataipa nkhani zomata pa bolodi lino, ndi inu amene mukutenga Computer Studies, phunziro ili ndi lanu. Zimachitika kuti munthu wataipa nkhani yake bwinobwino pa laputopu ya achimwene ake, waiika pa fulashi, koma poitsegula pa kompyuta ina, mawu oti ng’ombe akuoneka ngâ€™ombe, ndipo Malaŵi wasanduka MalaÅµi. Ambiri amathamangira kunena kuti fulashiyo ili ndi vairasi. Ena amayamba kukonza liwu limodzilimodzi mpaka belu kulira. Si vairasi ayi. Ndipo nthawi zambiri fayiloyo imakhala idakali yabwinobwino. Chimene chimadzaiononga ndi chala cha mwini wake, akathamangira kudina Save asanamvetse chomwe chachitika.

Kuti timvetse, tiyambire patali pang'ono.

Kompyuta sidziwa chilembo ngakhale chimodzi

Mu fayilo mulibe A, mulibe B. Muli manambala okhaokha. Kompyuta imasunga zinthu m'timagulu ta mabit 8, ndipo kagulu kamodzi kamatchedwa byte. Bit iliyonse imakhala 0 kapena 1, ndiye byte imodzi ingathe kusunga nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 255, basi. Kupitirira apo siikwana.

Tsono kuti mawu alowe mu fayilo, pamafunika mgwirizano wonena kuti chilembo chakuti nambala yake ndi yakuti. Mgwirizano umenewu ndi umene umatchedwa encoding. Wodziwika kwambiri mwa akalekale ndi ASCII, umene unatuluka ku America mu 1963. Mu ASCII, A wamkulu ndi 65, B ndi 66, mpaka Z amene ndi 90. Zilembo zing'onozing'ono zimayambira pa a amene ndi 97. Ngakhale mpata umene timasiya pakati pa mawu uli ndi nambala yake, 32. Mukataipa Moni n'kuseva, mu fayilo mumalowa 77, 111, 110, 105. Mabyte anayi, nkhani yathera pomwepo.

ASCII ili ndi malo 128 okha, kuyambira 0 mpaka 127. Anaipanga poganizira Chingerezi, ndipo Chingerezi chinakwana. Koma Afalansa anafuna é, Ajeremani anafuna ü, Arasha ndi Agiriki anafuna zilembo zawozawo. Onsewa anayang'ana manambala otsala aja, 128 mpaka 255, n'kuyamba kugawana aliyense m'njira yake.

Nambala 23 ya ku 2A si nambala 23 ya ku 2B

Apa ndi pamene panayambira chisokonezo, ndipo chitsanzo chake tili nacho pasukulu pompano. Kalasi iliyonse ili ndi kaundula wake. Mu kaundula wa Fomu 2A nambala 23 ndi munthu wina, mu kaundula wa 2B nambala 23 ndi munthu winanso. Aphunzitsi atalemba malikisi pa pepala ndi manambala okha, osalemba kalasi, wina n'kutenga kaundula wolakwika powerenga, ndiye kuti malikisi a munthu wakhoza apita kwa munthu walakwa. Pepalalo silinasinthe. Manambala ali momwemo. Cholakwika ndi kaundula amene wagwiritsidwa ntchito.

Makaundula a zilembo analipo ambirimbiri. ISO 8859-1, imene ambiri amangoti Latin-1, inatuluka mu 1987 ya zinenero za kumadzulo kwa Ulaya. Kampani ya Microsoft inali ndi yake yofanana nayo kwambiri, Windows-1252, ndipo ndi imene Notepad imaitchula kuti ANSI pa makompyuta a Chingerezi amene timagwiritsa ntchito kuno. M'makaundula awiri onsewa mulibe ŵ. Chilembo chokhala ndi kadenga chija, chimene timachiona mu Chicheŵa cha m'mabuku ena, mu aŵiri, maŵa ndi moŵa, komanso chimene anzathu olemba Chitumbuka sangachite popanda icho polemba ŵanthu, chinalibe nambala.

Chodabwitsa n'chakuti amene anatithandiza mosadziwa ndi anthu a ku Wales, ku Britain. Chinenero chawo nachonso chimagwiritsa ntchito ŵ, ngakhale amachitchula mosiyana ndi ife. Mu 1998 kunatuluka ISO 8859-14 ya zinenero za mtundu wawo, ndipo mmenemo ŵ anapatsidwa nambala 240. Koma 240 yomweyo mu Latin-1 ndi ð, chilembo cha ku Iceland. Ndiye fayilo yolembedwa ndi kaundula mmodzi, n'kuwerengedwa ndi mnzake, imatulutsa Malaði. Mwaiona nkhani ya 2A ndi 2B ija? Anthu a ku Japan, amene anavutika nazo kwambiri zimenezi chifukwa zilembo zawo n'zambiri, anachita kupeka dzina la zilembo zosokonekerazi. Amati mojibake.

Unicode ndi matumba a UTF-8

Mankhwala ake anali kupanga kaundula mmodzi wa dziko lonse lapansi, woti chilembo chilichonse chikhale ndi nambala yakeyake imene wina alibe, ngati mmene ilili nambala ya mayeso ya MSCE: kaya muli m'kalasi iti, nambalayo ndi yanu nokha. Kaundula ameneyu ndi Unicode, ndipo anatuluka koyamba mu 1991. Ali ndi malo 1,114,112, ndipo oposa 140,000 anaperekedwa kale ku zilembo ndi zizindikiro. Muli zilembo za Chiarabu, za Chitchaina, za ku Ethiopia, mpaka tinkhope toseka timene mumatumizirana pa WhatsApp. Manambala 128 oyambirira anawasiya mmene analili mu ASCII, ndiye A adakali 65. Chilembo chathu ŵ ndi nambala 373, ndipo Ŵ wamkulu ndi 372. M'mabuku mudzaona atalemba U+0175. Musadabwe, ndi 373 yomweyo koma yolembedwa mu base 16.

Koma taonani vuto: 373 yapitirira 255. Siingakwane mu byte imodzi. Zili ngati muli ndi makilogalamu 70 a chimanga pamene matumba anu ndi a makilogalamu 50. Muyenera kugawa m'matumba awiri, ndipo muyeneranso kuika chizindikiro choti wolandira adziwe kuti matumba awiriwa ndi katundu mmodzi.

Njira zogawira zilipo zingapo, koma imene inapambana ndi UTF-8. Anaikonza ndi Ken Thompson ndi Rob Pike mu September 1992 ku New Jersey, ku America. Lamulo lake ndi ili. Nambala ya 0 mpaka 127 imatenga byte imodzi, chimodzimodzi ASCII. Kuyambira 128 mpaka 2,047 imatenga mabyte awiri. Kuchokera apo mpaka 65,535 imatenga atatu, ndipo zotsalazo, monga tinkhope tambiri toseka tija, zimatenga anayi.

Amene mumakonda masamu, tiyeni tilongedze ŵ ndi manja. Mu binary, 373 ndi 101110101, chifukwa 256 + 64 + 32 + 16 + 4 + 1 ndi 373. Mabyte awiri a UTF-8 ali ndi malo 11 oikamo katundu, ndiye tionjeza ma 0 awiri kutsogolo: 00101110101. Tidula pawiri, mabit asanu oyamba paokha, asanu ndi imodzi otsala paokha: 00101 ndi 110101. Byte yoyamba imavala 110 kutsogolo, kutanthauza kuti "ndine mtsogoleri, tili awiri". Yachiwiri imavala 10, kutanthauza kuti "ndine wotsatira". Zotuluka zake ndi 11000101 ndi 10110101, amene ndi 197 ndi 181.

Choncho Malaŵi mu UTF-8 ndi 77, 97, 108, 97, 197, 181, 105. Zilembo 6, mabyte 7. Tsono pulogalamu ina ikatenga mabyte omwewa n'kuwawerenga ndi kaundula wa Windows-1252, siidziwa zoti 197 ndi 181 ndi paulendo umodzi. Imayang'ana 197 n'kupeza Å, imayang'ana 181 n'kupeza µ. Ndi uyo MalaÅµi uja. Palibe ufiti.

Mwina wina anena kuti, aaa, ine ŵ sindimulemba, ndimangolemba w wamba. Chabwino. Koma ng'ombe mumalemba, m'mudzi mumalemba, n'zoona mumalemba. Chichewa chadzaza ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja kuposa Chingerezi. Ndipo kali mitundu iwiri. Koongoka, kamene kali pa kiyibodi, ndi nambala 39 mu ASCII, ndipo sikavuta kulikonse. Koma Microsoft Word ndi mafoni ena amakasintha mwakachetechete kukhala kopindika, kuti kazioneka kokongola. Kopindikako mu Unicode ndi nambala 8,217, ndipo mu UTF-8 kamatenga mabyte atatu: 226, 128, 153. Mu Windows-1252, 226 ndi â, 128 ndi chizindikiro cha ndalama za euro, 153 ndi ™. Mukazilumikiza mupeza ngâ€™ombe. Ndime imodzi ya Chichewa ikhoza kukhala ndi tizindikiro totere khumi, ndiye tsamba lonse limaoneka ngati nkhuku zapalasapo.

Fayilo ndi ina, buffer ndi ina

Tsopano tafika pa mtima wa phunziroli. Mapulogalamu olembera mawu wamba, amene pa Chingerezi amati text editor, monga Notepad, Notepad++, Vim ndi Emacs, sagwira ntchito pa fayilo mwachindunji. Mukatsegula fayilo, pulogalamuyo imawerenga mabyte kuchokera pa disiki kapena pa fulashi, n'kuwamasulira kukhala zilembo, n'kuika zilembozo pamalo ena mu RAM. Malo amenewo ndi buffer. Ndati buffer, osati bafa losambira, a Fomu 1 musaseke. Zimene mukuona pa sikirini ndi buffer. Mukataipa, mukusintha buffer. Fayilo ili phee pa fulashi, siikudziwa n'komwe zomwe mukuchita, kufikira mutadina Save.

Ganizirani bolodi la m'kalasi ndi kope. Aphunzitsi akopera notsi kuchokera m'kope kupita pa bolodi. Pa bolodipo angathe kufufuta, kuonjezera, kusintha. Kope silisintha. Magetsi akazima pa kompyuta yopanda batire, bolodi lafufutika, koma kope lilipo. Save ndiye kutenga zonse zili pa bolodi n'kuzilemba m'kope, pamwamba pa zakale, zakalezo n'kutayika.

Ndiye pali zipata ziwiri. Potsegula, mabyte amasanduka zilembo. Poseva, zilembo zimasanduka mabyte. Pa chipata chilichonse pamafunika kaundula. M'kati mwa buffer, pulogalamu imasunga zilembo m'njira yakeyake imene ilibe nazo ntchito kuti fayilo inabwera bwanji. Emacs, pulogalamu imene Richard Stallman anayambitsa, kuyambira mtundu wa 23 wa mu 2009 imasunga zonse m'kati mwake m'njira yochokera ku UTF-8. Koma buffer iliyonse imakumbukira encoding imene fayilo yake inabwera nayo, kuti poseva ibwerere momwemo. Mu Emacs chokumbukirachi chimatchedwa buffer-file-coding-system, ndipo chimaoneka kumanzere kwa mzere wam'munsi: U akuimira UTF-8, 1 akuimira Latin-1. Mukhoza kutsegula mafayilo atatu nthawi imodzi, aliyense ndi encoding yake, osasokonezana.

Vim, imene Bram Moolenaar wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991, inasiyanitsa zimenezi ndi mayina atatu ofanana moti amasokoneza ngakhale akatswiri. Loyamba ndi encoding, ya m'kati mwa pulogalamu. Lachiwiri ndi fileencoding, ya fayilo imene ili mu buffer imeneyo. Lachitatu ndi fileencodings, lokhala ndi s kumapeto, ndipo ndi mndandanda wa makaundula oti ayesedwe potsegula fayilo. Kunena zoona, mayinawa akanatha kuwasankha bwino. Moolenaar, amene anamwalira mu 2023, ankapereka Vim kwaulere n'kumapempha ogwiritsa ntchito kuti athandize ana osowa ku Uganda, ndiye za mayinazi timukhululukira.

Pulogalamu imadziwa bwanji kaundula woyenera?

Yankho lake n'lochititsa mantha pang'ono: nthawi zambiri siidziwa, imangoyerekeza. Fayilo ya .txt ilibe malo olembapo kuti "ine ndine UTF-8". Ndi pepala la malikisi lopanda dzina la kalasi lija.

Pali zizindikiro zingapo zimene imayang'ana. Choyamba ndi BOM, timabyte tapadera timene mapulogalamu ena amaika koyambirira kwenikweni kwa fayilo. Ya UTF-8 ndi 239, 187, 191. Ya UTF-16, imene ndi njira ina yolongedzera Unicode, ndi 255, 254 kapena 254, 255. Pulogalamu yodziwa ikaona timabyteti imazindikira, n'kutibisa. Yosadziwa imationetsa ngati ï»¿ kutsogolo kwa liwu loyamba. Mukadzaona zimenezo mudzadziwe kuti ndi BOM yavulidwa. Chachiwiri, mafayilo ena amadzinenera okha m'mawu: tsamba la pa intaneti limakhala ndi charset="utf-8" chakumayambiriro, ndipo Emacs imamvera mukalemba -*- coding: utf-8 -*- pa mzere woyamba.

Zonsezi zikasowa, pulogalamu imayamba kuyesa makaundula mmodzimmodzi. Mndandanda wa Vim nthawi zambiri umakhala ucs-bom, utf-8, default, latin1. Dongosolo limeneli lili ndi nzeru yake. UTF-8 ndi yokhwimitsa malamulo: wotsatira sangabwere popanda mtsogoleri, ndipo mtsogoleri akati tili atatu, otsatira awiri ayenera kuonekadi. Tiyerekeze kuti fayilo inasevedwa mu Windows-1252, mmene kachizindikiro kopindika kaja ndi byte imodzi, 146. Mu binary 146 ndi 10010010. Yayamba ndi 10, ndiye ndi wotsatira, koma kutsogolo kwake kuli g wamba, osati mtsogoleri. UTF-8 imakana pomwepo, pulogalamu n'kupita pa kaundula wina. Latin-1 ndiye saikana kanthu. Byte iliyonse, kuyambira 0 mpaka 255, ili ndi tanthauzo mmenemo. Ali ngati mnzanu uja amene amavomera chilichonse chomwe mwanena. N'chifukwa chake amamuika kumapeto: akanakhala koyamba, bwenzi ena onse osapeza mpata.

Kuyerekeza kumaphonya nthawi zina. Pa Windows XP panali nkhani yotchuka: munthu akataipa mawu oti Bush hid the facts mu Notepad, n'kuseva, n'kutsegulanso, ankapeza zilembo za Chitchaina kapena timabokosi. Ena anayamba kunena kuti ndi chiwembu cha boma la America. Chonsecho Notepad inkangoona mabytewo ngati akufanana ndi UTF-16, n'kumawawerenga awiriawiri. Mawu ena ambiri a utali wofanana ankachitanso chimodzimodzi.

Malamulo awiri amene amaoneka ofanana

Apa werengani mofatsa, chifukwa ndi pamene nkhani zambiri zimafera. Pafupifupi pulogalamu iliyonse yabwino ili ndi malamulo awiri okhudza encoding, ndipo amachita zinthu zosiyana kotheratu.

Lamulo loyamba limati: taya buffer iyi, bwerera ku fayilo, uwerengenso mabyte omwewo ndi kaundula wina. Fayilo siikhudzidwa. Mu Emacs ndi C-x RET r. Mu Vim mumalemba :e ++enc=utf-8. Mu Visual Studio Code ndi Reopen with Encoding. Mu Notepad mumapita pa Open, ndipo musanadine fayiloyo mumasankha pa kabokosi ka Encoding kali m'munsi. Lamulo ili mukhoza kuliyesa kakhumi, palibe chomwe chingaonongeke.

Lamulo lachiwiri limati: zilembo zili mu bufferzi n'zolondola, uzilembe mu fayilo ndi kaundula wina. Ili limasintha mabyte. Mu Emacs ndi C-x RET f kenako kuseva. Mu Vim ndi :set fileencoding=utf-8 kenako :w. Mu Visual Studio Code ndi Save with Encoding, mu Notepad++ ndi mizere yoyamba ndi Convert to, mu Notepad ndi kabokosi ka Encoding ka pa Save As.

Tsono munthu watsegula fayilo, waona MalaÅµi. Wakumbukira kuti anamvapo zoti UTF-8 ndiye yabwino. Wathamangira Save As, wasankha UTF-8, wadina. Chachitika n'chiyani? Mu buffer munali Å ndi µ, zilembo ziwiri zenizeni malinga ndi mmene pulogalamu ikuonera. Iyo yazilongedza mokhulupirika, chilichonse m'mabyte awiri: 195, 133, 194, 181. Bodza lija tsopano lalembedwa m'kope. Ngakhale mutatsegula ndi UTF-8 mupezabe MalaÅµi, ndipo kompyuta ina ikaphonyanso mupeza MalaÃ…Âµi. Chilembo chimodzi chabereka zinayi. Zimenezi munthu wodziwa angathe kuzibweza potsatira mapazi chobwerera m'mbuyo, koma ndi ntchito.

Pali kuonongeka kwina kumene sikubwezeka. Kumachitika m'njira ziwiri. Yoyamba: mu buffer muli ŵ wabwinobwino, koma mwalamula kuti iseve mu kaundula amene alibe ŵ, monga ANSI. Pulogalamu ilibe nambala yoti ilembe. Imaika w wamba kapena chizindikiro cha funso, ndipo ikatero palibe chotsalira chosonyeza kuti panali chiyani. Notepad imachenjeza kuti zilembo zina zitayika, koma ndi angati amene amawerenga timauthenga timeneti? Ambiri amangodina OK ngati akuthamangitsa ntchentche. Emacs imaima n'kukuonetsani zilembo zimene zakanika, n'kufunsa kuti musankhe encoding ina. Vim imadandaula za CONVERSION ERROR.

Yachiwiri: pulogalamu yaumirizidwa kuwerenga fayilo ya Windows-1252 ngati UTF-8, yakumana ndi 146 uja, yasowa chochita. Mapulogalamu ambiri amaika pamalopo chizindikiro cha funso chokhala m'kadayamondi kakuda, �, chimene mu Unicode ndi nambala 65,533. Chizindikirochi chikutanthauza kuti "apa panali kanthu koma sindinakamve". Mukaseva zili choncho, kachizindikiro ka mu ng'ombe, é wa m'dzina la Chifalansa, ndi zina zonse zosamveka zimasanduka chinthu chimodzi chomwecho, osasiyanitsikanso. Apa ine ndimaitamanda Emacs, ngakhale ili yovuta kuphunzira: byte imene yakanika kuimasulira imaisunga mmene ilili, n'kuionetsa ngati \222, amene ndi 146 mu base 8. Ndiwo ulemu woyenera kupereka ku katundu wa mwini.

Ndiye mukatsegula fayilo n'kuona zachilendo, chotsani chala pa Save. Tsekani osaseva. Koperani fayiloyo kuti mukhale ndi ziwiri, ndipo muziyesera pa imodzi. Gwiritsani ntchito lamulo loyamba lija mpaka mawu aoneke bwino pa sikirini. Akaoneka bwino, pamenepo ndi pamene mungagwiritse ntchito lachiwiri, n'kuseva mu UTF-8. Maonekedwe a vutolo amakuuzani kolowera: mukaona zilembo ziwiri kapena zitatu zachilendo pamalo a chimodzi, makamaka zoyamba ndi Ã, Å kapena â, fayiloyo ndi UTF-8 imene yawerengedwa ngati Windows-1252. Mukaona kadayamondi kakuda, kawirikawiri ndi Windows-1252 imene yawerengedwa ngati UTF-8.

Kabokosi kopanda kanthu ndi nkhani ina. Kameneko kamatanthauza kuti pulogalamu yachizindikira chilembocho bwinobwino, koma font imene mwasankha ilibe chithunzi chake. Sinthani font, osati encoding.

Komwe mudzakumane nazo

Mafayilo a Word a .docx savutavuta ndi zimenezi chifukwa m'kati mwake amanena okha encoding yawo. Vuto limabwera ndi mafayilo a mawu wamba: .txt, .html, mafayilo a .srt a mawu oyenda m'munsi mwa filimu, ndi .csv. Ya .csv ndiyo yofunika kusamala nayo, chifukwa ndi imene imanyamula mindandanda ya mayina kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina. Excel mukangodina kawiri fayilo ya .csv ya UTF-8 yopanda BOM, imakonda kuiwerenga ngati ANSI. Amene mayina anu ali ndi kachizindikiro kam'mwamba, a Ng'oma, a Ng'ambi, a M'bwana, muziyang'anitsitsa dzina lanu pa mndandanda uliwonse wosindikizidwa musanasaine. Dzina likalakwika pa pepala lofunika, kulikonza kumatenga nthawi ndi ndalama zoyendera.

Makompyuta akale ndi atsopano amasiyananso khalidwe. Kuyambira mu 2019, Notepad ya pa Windows 10 imaseva mu UTF-8 mukapanda kuiuza kanthu, ndipo imalemba encoding pa mzere wam'munsi kumanja. Ya pa Windows 7 imaseva mu ANSI. Fulashi imodzi ikamayenda pakati pa makompyuta awiri oterewa, yembekezerani mojibake.

Ngakhale foni ya mabatani ili nayo nkhani yomweyi. Meseji imodzi ya SMS imanyamula zilembo 160 ngati zonse zili mu kaundula wamng'ono wa GSM. Mukaikamo chilembo chimodzi chokha chimene mulibe mmenemo, monga ŵ, kachizindikiro kopindika kaja kapena kankhope koseka, meseji yonse imasamukira ku Unicode ya mabyte awiri pa chilembo, ndipo malire amatsika kufika pa zilembo 70. Meseji imene inkayenera kupita imodzi imaduka pawiri kapena patatu, mayunitsi n'kumapita. Mafoni ena amazemba zimenezi posintha ŵ kukhala w osakuuzani.

Wofuna kutaipa ŵ mu Word alembe 0175 kenako adine Alt ndi X pamodzi. Mu Vim ndi Ctrl-K, kenako w, kenako >. Mu Emacs ndi C-x 8 RET, kenako 0175. Ndipo wofuna kuona ndi maso ake kuti sindikunama, aike kasala pa ŵ mu Vim n'kudina ga: iona nambala 373. Akadina g8 aona c5 b5, amene ndi 197 ndi 181 mu base 16.

Ntchito ya sabata ino, yosafuna magetsi. Fayilo ina ili ndi mabyte awa:

84 105 111 110 97 110 97 32 109 97 197 181 97

Mukaiwerenga ngati UTF-8, ikuti chiyani? Mabyte alipo 13, nanga zilembo zilipo zingati mukawerengera ndi mpata womwe? Ingaoneke bwanji pa sikirini itawerengedwa ngati Windows-1252? Ndipo munthu ataiseva mu UTF-8 ikuoneka choncho, fayiloyo ikhala ndi mabyte angati? Lembani mayankho pa kapepala, dzina ndi kalasi pamwamba, muponye m'bokosi la nkhani pofika Lachisanu.